Wogwira Chingwe cha Lezina

Ndinauza mnansi wanga kuti andionere nkhuku masiku atatu. Musandifunse kuti papita zaka zingati tsopano, sindinawerenge. Munthu ukamakhala pamwamba pa lole, utakhalira tenti yopinda, zaka siziyenda motsatana ngati za anthu ena. Mvula ikabwera timaima. Ikasiya timanyamuka. Basi.

Ndinkatsatira mwana wanga wamkazi, Lezina. Anthu amasewero anafika kwathu mwezi wa fumbi, nakhoma tenti pabwalo la mpira, nasewera masiku anayi. Tsiku lachisanu lole inapita, Lezina naye kulibe. Anandisiyira madzi odzaza mtsuko ndi nkhuni zowaza kale, ngati kuti mwana ndinamuberekera zimenezo.

Ana ndinabereka awiri. Wamkulu, Fulaye, ankagwira ntchito yomanga m'tauni. Anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, anabwera naye m'bokosi lokhoma kale. Ndiye nditamva kuti wotsalayu wapita kukaphunzira kulumpha m'malere, sindinalire ayi. Ndinamanga chitenje, ndinakwera basi. Ndinati ameneyu ndikamutenge khosi likadali lake.

Ndinawapeza m'tauni ina ya njanji, kumene sitima imadutsa koma siima. Nditalowa m'tenti ndinaona ngati ndalowa m'maloto a munthu wina. Pamwamba panali timbendera ta mapepala toboolaboola, tofiira, tobiriwira, tapinki. Paliponse maluwa achikasu. Amuna atatu a zipewa zazikulu ngati malichero ankayeserera malipenga. Kumwamba kwenikweni, kufupi ndi denga, kunali akatungwe awiri oyang'anizana, pansi pake ukonde. Pa katungwe mmodzi panali mwana wanga.

Mwini gululo anali mayi wachikulire, wamfupi, wotsimphina, dzina lake Ampalo. Anachokera ku Mekisiko ali mtsikana, akuuluka pa katungwe m'gulu lina, mpaka bondo linamuthera kuno. Sanabwererenso kwawo. M'malo mwake anasonkhanitsa achinyamata akunokuno n'kupanga kwawoko ndi mapepala, utoto ndi nyimbo. M'gulu lonse munalibe wina amene anaonapo dzikolo. Mekisiko wathu ankakwana m'lole imodzi.

"Ndabwera kudzatenga mwana wanga," ndinatero.

"Uti?"

Ndinaloza kumwamba.

"Mutengeni," anayankha. Chichewa chake chinali choduladula koma chomveka. "Akafuna, mutengeni. Ine sindimanga munthu. Ndimanga chingwe basi."

Lezina anatsika pamakwerero, manja ali mbee ndi ufa wa choko. Anagwada.

"Amayi, mwayenda bwanji? Mwadya?"

"Usandifunse za kudya. Katenge katundu wako."

"Amayi, ndipempheko chinthu chimodzi. Ndingogwira manja a Yobe kamodzi kokha, anthu akuona. Ndikatero, mukadzati tiyeni, ndidzapita. Sindidzatsutsa."

"Yobe ndiye ndani?"

Anandilozera chimunthu chamapewa otambalala chimene chinali chitalendewera chadodolido pa katungwe winayo, chitakola ndi mawondo. Ntchito yake inali kuwakha. Wouluka amasiya katungwe wake, amapidiguka kawiri m'malere, Yobe n'kumugwira m'mikono. Yobeyo anandikweezera dzanja ali chozondoka choncho.

"Takulandirani masteni!"

"Masteni ndi amako," ndinatero. Kenako ndinauza Lezina kuti chabwino, kamodzi si nkhani. Mumtima ndinkati sabata imodzi, ikachuluka ziwiri.

M'gulu lotere munthu sadya za ulere, ndipo ine kukhala manja lende sindimatha. Ndinayamba ndi kuchapa. M'tauni ya mphepo, kumene timbendera tonse tinauluka tsiku limodzi n'kukakola m'mitengo ya bulugamu, Ampalo anandipatsa tchizulo ndi hamala. Anandiphunzitsa kusanja mapepala makumi asanu pamodzi, kuika chithunzi pamwamba, n'kumaboola pang'onopang'ono. Mbalame, maluwa, zigaza zoseka. Ukamenya mwaukali, makumi asanu onse amang'ambika limodzi. Ndinaononga mitolo itatu.

"Make Lezina, mukumenya ngati pepala lakulakwirani."

"Ndili ndi changu ine. Ndili ndi munda kwathu."

"Munda udikira. Pepala silidikira."

M'mudzi wina wa pamphambano anandiphunzitsa kuwiritsa chimanga ndi phulusa, kuchipera chonyowa, n'kumawomba m'manja timikate topyapyala tootcha pachiwaya. Ndinati uku n'kuononga chimanga. Pano ndimawomba kuposa iyeyo.

Kulikonse kumene tinkakhoma tenti, kuseri kwa bwalo kunkakhala mjigo, ndipo pamjigopo ndinkapeza mayi wa duku yobiriwira, akupopa. Ndikulumbira, anali yemweyo. Tinkatha kuyenda masiku awiri, kuwoloka mitsinje, ndikapita ndi ndowa, uyo ali pomwepo.

"Inu ndi a masewerowa? Wanu ndi uti?"

Ulendo woyamba ndinati, "Palibe wanga, ine ndimangochapa."

Iye anangoti, "Oo," n'kundithandiza kusenza.

M'tauni ya mashedi a fodya anthu anakana kulowa. Pamasewero athu panali gawo la akufa. Anyamata ndi atsikana ankadzipenta nkhope ngati zigaza, koma zigaza zamaluwa m'maso, n'kumavina, kukwerana pamapewa mpaka anthu anayi kutalika. Pambali pankakhala tebulo la masitepe atatu, lodzaza maluwa achikasu, makandulo ndi zithunzi. Amayi a m'taunimo anasuzumira pakhomo, anaona zigazazo, anakoka ana awo. Masiku awiri tinasewerera mabenchi.

Ine ndinamuuza Ampalo poyera. "Anthu akunena zoona. Za mizimu si zoseweretsa."

"Sitiseweretsa," anatero. "Kwathu akufa amabwera kudzacheza kamodzi pachaka. Timawaphikira zimene ankakonda. Timawaikira maluwa kuti asasochere njira. Timawaseka pang'ono, nawonso amatiseka."

"Kwathu wakufa akabwera ndiye kuti pali mlandu."

"Ndiye amasungulumwa akufa anu."

Ndinatembenukira kutebulo lija. Zithunzi za patebulopo zinali za anthu ake, amayi ake, mlongo wake, ndi mwamuna wina wa ndevu zopotana amene sankamutchula. Tsiku lachitatu masana kunabwera bambo wina wokalamba, wosankha fodya m'mashedi, zala zake zakuda ndi utomoni. Anatulutsa m'thumba la malaya chithunzi cha mkazi wake.

"Ndamva kuti pano akufa amaonera ulere," anatero. "Uyu ankakonda zinthu zaphokoso."

Ampalo anachiika pasitepe yapamwamba. Mawa lake anabwera anthu asanu ndi awiri ndi zithunzi. Tsiku lotsatira tebulo linachepa, tinabwereka lina kusukulu, ndipo mabenchi anadzaza.

Chithunzi cha Fulaye ndinkayenda nacho m'buku la nyimbo. Ndinadikira anthu onse apite kukadya, ndinachiika pakona, kuseri kwa maluwa. Ndinakazinga chinangwa n'kuika pambale. Potembenuka ndinapeza Lezina ali kumbuyo kwanga. Anangopita kukatenga mchere.

"Achimwene ankakonda wambiri," anatero, akuwaza.

Masewero atatha Ampalo anati chakudyacho amoyo adye, eni ake atengapo kale chawo. Ndinalawa. Mchere wonse uja sunkamveka, chinali zii ngati gaga. Yobe anati n'chifukwa choti chinazizira. Yobe amadziwa chiyani.

M'tauni ya pamlatho munthu wina wa kwathu anandizindikira pamsika. Anati mnansi uja akupereka moni. Nkhuku zinatha ndi chitopa, denga la nyumba linagwa ndi mvula ya chaka chatha kapena chinacho, munda akulima achibale, koma mtengo wa mapeyala ukubereka kwambiri. Ndinamuthokoza, ndinagula sopo amene ndinadzera, ndinabwerera ku tenti. Kulira ndinalirira m'beseni la zochapa, kumene madzi ndi ambiri kale.

Nthawi yonseyo Lezina ankaphunzira. Wophunzira amavala lamba wachikopa m'chiuno. Pa lambayo pamachoka zingwe ziwiri, zimakwera kudenga, zimadutsa patimawilo, n'kutsika ngati chingwe chimodzi m'manja mwa munthu woima pansi. Ukonde ulipo, inde, koma ukagwera mutu pansi, ukonde womwewo umathyola khosi. Ndiye wouluka akaphonya, wapansiyo amafinya chingwe kuti atsike bwino. Chingwe cha Lezina ankagwira Ampalo. Ine ndinkaima kumbuyo kwake ndi mtanga wa zochapa, n'kumakuwa.

"Gwirani! Mayi inu gwirani! Simukuona kuti wasiya?"

M'mawa uliwonse choncho. Tsiku lina Ampalo anavula magolovesi n'kundiponyera pachifuwa.

"Dzanja langa latopa, khutu langa latopa. Gwirani nokha."

Anandiphunzitsa. Chingwe osachikulunga padzanja, chingakudule zala. Osayang'ana nkhope ya mwana, uziyang'ana chiuno. Chingwe chiziyenda m'manja momasuka, ufinye pokhapokha waona manja awo aphonyana.

"Chingwe chizimwetulira," anatero, akundionetsa momwe chimapindikira chikakhala chosakungika. "Chikakhala ngati ndodo, mwalakwa."

"Ine chingwe chimene ndimadziwa n'cha mbuzi," ndinatero. "Cha mbuzi chikamwetulira ndiye kuti yadula, ili m'dimba la eni."

Nthawi imeneyo n'kuti Lezina atadziwa kupidiguka kawiri, chotsala n'kufika kwa Yobe. Ndinasangalala. Ndinati tsopano zitha msanga, pakuti chingwe chili m'manja mwa munthu wosamala.

Ankaima pakathabwa kumwamba, mapiko a gulugufe atasokedwa kumsana, achikasu ndi akuda. Yobe ankayamba kuyenda pa katungwe wake, n'kuwomba m'manja kamodzi. Lezina ankanyamuka, kupita, kubwerera, kupitanso, kusiya. Kupidiguka kamodzi, kawiri, kutambasuka. Zala zake zinkakhudza zala za Yobe, ufa wa choko n'kuti fuu. Kenako ndinkamutsitsa pang'onopang'ono ngati dzira, mpaka mu ukonde.

"Pepani amayi, ndachedwa kutambasuka."

M'tauni ya misika iwiri, chimodzimodzi. Zala, ufa, ukonde.

"Pepani amayi, ndafulumira kusiya."

M'mudzi wa miyala, kumene zikhomo za tenti zinkakana kulowa, chimodzimodzi.

"Pepani amayi, dzuwa linandithobwa."

"Dzuwa m'tenti? Iwe, uzingogwa mpaka liti? Anzako akukwatiwa, akubereka. Ine ndakalambira palole."

"Masteni," Yobe anayamba, akutsika, "kunena zoona chimene chikuchitika apa..."

"Yobe, khala chete," anatero Lezina.

"Ine ndimangoti..."

"Ndati khala chete. Pita ukasambe, ukununkha ngati chikho cha mowa."

Ampalo ankangoti, "Make Lezina, chimwetulire." Ine n'kumati chikumwetulira, kodi mukufuna chiseke chikhakhali? Pamasewero anthu ankaombabe m'manja, pakuti gulugufe wogwa pang'onopang'ono ndi wokongola ndithu. Ena ankayesa kuti ndi momwe seweroli limathera.

Mayi wa duku yobiriwira anandifunsanso pamjigo wina. "Wanu ndi uti?"

"Uja wa mapiko. Koma tikupita kwathu posachedwa."

"Oo. Munatero chaka chatha."

"Chaka chatha sitinabwere kuno."

Anangoseka, n'kupitiriza kupopa.

Kenako phewa la Lezina linayamba. Poyamba ankabisa. Ndinazindikira nditaona akupesa tsitsi ndi dzanja lamanzere. Ndinamuthowa ndi madzi otentha, ndinamupaka mankhwala, koma m'mawa pomwe ankasiya katungwe nkhope yake inkachita tsinya. Ampalo analigwiragwira phewalo nthawi yaitali.

"Mapewa a wouluka ali ndi zaka zake," anatero. "Awa atsala ndi chilimwe chino. Mvula ikagwa asanafike, basi. Adzagulitsa matikiti, kapena mupite naye."

Ndikanayenera kukondwa. Si zimene ndinabwerera? Koma ndinaona momwe mwanayo anakhalira pansi, osalira, akungofikisa choko m'zikhatho. Ndinali nditamuonapo munthu atakhala choncho. Ndi momwe ndinakhalira ine tsiku la bokosi lija.

M'mawa wina, m'tauni ya dothi lofiira, ndili pakati pophika nyemba, Ampalo anandiitana m'tenti. Anali atanyamula lamba.

"Valani."

"Ine? Ndi thupi ili?"

"Tawonjezera mabowo."

Yobe anaseka mpaka anakhala pansi. "Lero ndiye ndiwakha thumba la chimanga! Masteni, mwalemba kale wilo?"

"Ndikakugwera ndiwe amene ufune wilo."

Sanandikweze kudenga ayi. Anaika thabwa pamigolo, kutalika ngati khonde la sitolo, pansi matiresi. Yobe anaima pamigolo ina patsogolo panga, manja atatambasula. Mtunda wake unali ngati kulumpha ngalande. Chingwe anapatsa Lezina.

"Mayi Ampalo, chonde, musatero," anatero Lezina.

"Gwira."

Ndinalumpha chifukwa chofuna kuti zithe, nyemba zinali pamoto. Ndinalumpha bwino ndithu, paubwana wanga ndinkalumpha mitsinje. Ndinaona manja a Yobe akubwera. Ndiye china chake chinandigwira m'chiuno, osati mwamphamvu, pang'ono chabe, ngati munthu wokukoka chitenje pamaliro. Zala zanga zinakhudza zake. Ndinapezeka ndikulendewera ngati mbuzi yosenda.

"Kachiwiri," anatero Ampalo.

Ndinakwera, ndinalumpha mwamphamvu kuposa poyamba. Chimodzimodzi. Kachitatu ndinapsa mtima.

"Iwe Lezina! Ukundikokeranji? Ndinali nditafika ine! Ukuona ngati ndilibe maso? Siya chingwecho ndigwire munthuyu!"

Woimba lipenga anatsitsa lipenga lake. Yobe, amene pakamwa pake sipatsekeka, ankayang'ana zala zakumapazi.

"Ndinaopa kuti mugwa, amayi," anatero Lezina, mawu ali pansi.

"Sindinamuuze kuti akoke," anatero Ampalo. "Kagwiridwe kameneka waonera kwa inu. Pang'ono chabe. Mpweya umodzi. Tsiku lililonse."

Ndinali ndikadali m'malere, ndikuzungulira pang'onopang'ono, chitenje chitakwinyika m'lamba. Ndinati anditsitse, nyemba zipserera.

Zinali zitapserera kale. Ndinakhala kuseri kwa lole ndikupala mphika. Lezina anabwera, anakhala pansi chapatali pang'ono, miyendo atapinda.

"Unadziwa liti?"

"Tsiku loyamba."

"Tsiku loyamba! Ndiye zaka zonsezi pepani amayi ndachedwa, pepani amayi dzuwa? Pakamwa ulibe?"

"Ndikanayamba bwanji, amayi? Ndiime pamaso pa anthu ndinene kuti olakwa ndi amayi anga? Munatilera nokha kuti mwana saloza kholo chala."

"Ndinakuphunzitsa za m'nyumba, osati za m'malere."

"Mayi Ampalo anafuna kukulandani chingwe kalekale. Ndinawagwadira. Ndinati akakulandani mupita nokha kunyumba yopanda denga. Komanso, amayi, chiyambireni kugwira chingwe chija mumagona tulo. Kale simunkagona. Ndinkati ndingolimbikira, ndilumphe mopitirira, tsiku lina ndidzafika ngakhale mukukoka."

"Ndiye phewa lathera pamenepo."

Ndinapala mphikawo mpaka unayamba kuwala pamene sunawalepo chiugulireni.

"Chitsiru," ndinatero. "Iwe ndi ine tonse. Pita ukauze Yobe adzaze mchenga m'thumba, lolemera ngati iweyo."

Ndinayambiranso ngati mwana wa sukulu. M'mawa uliwonse, ena asanayambe, Yobe ankakwera ndi thumba lovala lamba n'kuliponya. Ntchito yanga inali kudikira. Thumba likugwa, manja akufuna kufinya, ine n'kumawauza kuti ayi. Ndikuuzeni, kusenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri n'kopepuka. Masiku oyamba ndinkafinya msanga. Kenako ndinayamba kuchedwa, thumba linaphulika kawiri, mchenga mu ukonde monse.

"Maliro achiwiri amenewo, masteni. Tiimbe nyimbo?"

"Soka thumbalo, usandisokose."

M'mudzi wina wa migwalangwa, kaya sabata yachitatu kaya yachisanu, thumba linagwa, ndinaliyang'ana pachiuno, chingwe chikuyenda m'manja ngati madzi, ndinafinya, linaima chikhatho chimodzi pamwamba pa ukonde. Ampalo anangondipatsa kamkate kake kotentha, kamene sapatsa munthu.

Tsiku limene Lezina anavalanso lamba, ndinasiya chingwe chimwetulire. Anasiya katungwe, anapidiguka, ndipo anapitirira. Zaka zonse zija anazolowera kulumpha molimbana ndi ine. Anakamenya Yobe ndi mutu pakamwa, manja anaphonyana, anayamba kugwa chamutu. Ndinafinya. Magolovesi anatentha, mapazi anga anachoka pansi pang'ono, koma anatsika bwino, chagada.

Yobe analavula magazi kuchokera kumwamba. "Ndinkadandaula kuti safika. Pano wafika mpaka m'mano!"

Lezina anali gone mu ukonde akuseka, misozi ikutsikira m'makutu. "Amayi, kumwambaku n'kopepuka chonchi?"

Ndiye naye anayambiranso, kuphunzira kulumpha mochepa. Phewa silinkalola zambiri. Ampalo ankamulola katatu patsiku, kenako kawiri. Tsiku lina ankapitirira, tsiku lina ankaperewera yekha, kulakwa kwakekwake tsopano, ndipo sankapepesanso. Kawiri anagwirana ndi Yobe dzanja limodzi, koma linapulumuka. Kumwamba mitambo inayamba kusonkhana masana, n'kubalalika madzulo. Nyerere zinayamba kusamutsa mazira.

Tauni yomaliza inali ya m'chigwa, ya mitengo ya mango yambiri. Anthu anali atalima kale, akungodikira. Tinakhoma tenti kuti tisewere masiku anayi, koma woyendetsa lole anayang'ana kumwamba n'kunena kuti tikapeza awiri tithokoze. Tsiku loyamba masana kunatentha moti utoto wa zigaza unkasungunuka kumaso. Anthu anadzaza mpaka ena anakhala pansi kutsogolo, akudzikupiza ndi timbendera tathu.

Malipenga analira. Ovina anavina, okwerana anakwerana. Kenako kunakhala chete, ng'oma yokha. Lezina anakwera makwerero, mapiko ali kumsana. Ndinavala magolovesi. Ampalo anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, pamene ine ndinkaima kale.

"Mukalankhula ndikupondani bondo labwinolo," ndinamuuza.

Yobe anayenda pa katungwe wake, anawomba m'manja. Mwana wanga ananyamuka. Sindinayang'ane nkhope yake. Ndinayang'ana chiuno, lamba wakuda uja, akupita, akubwerera, akupitanso. Anasiya. Chingwe chinathamanga m'manja mwanga. Kamodzi. Kawiri. Anatambasuka, ndipo panali kanthawi kamene sanagwire kanthu, palibe chinamugwira, ngakhale ine. Manja anga anafuna. Ndinawakaniza. Mpweya umodzi ndi wautali, anthu inu. Muli malo okwana nyumba yosanja yonse ndi munthu akugwa kuchokera pamwamba pake.

Ndinamva kuti phaa, mkono pa mkono.

Sanagwe. Ankayenda uku ndi uku pansi pa Yobe, mapiko akupepheruka, chingwe chili lende pakati pa iye ndi ine. Anthu anaimirira. Amayi ena analuluta. Yobe ankakuwa zinazake ali chozondoka, mlomo wake wotupa uja. Ampalo anandigwira paphewa, n'kunena mawu a kwawo amene sindinawamve, kenako anapita kukakhala pa mgolo.

Ndinamutsitsa mwana wanga mu ukonde. Pamene ankatsetsereka kuti aponde pansi, padenga la tenti panamveka madontho oyamba, akuluakulu, amodziamodzi. Anthu anayamba kuseka ndi kuloza kumwamba, ena kuthamangira kukaanula zovala.

Lezina anabwera molunjika kwa ine, akupuma mwawefuwefu, dzanja lina litagwira phewa. Anagwada pafumbi pomwepo, anthu akudutsa mbali zonse.

"Amayi, ndagwira. Anthu aona. Ndinalonjeza. Mukati tiyeni, tiyeni."

Ndinavula magolovesi. M'zikhatho munali thukuta lokhalokha. Ndinamuyang'ana, mwana wa munthu, mapiko atapindika, choko mpaka m'tsitsi.

"Takweza mkono."

Anakweza wabwinowo.

"Winawo."

Anakweza pang'onopang'ono. Unakwera ndithu, mpaka pamwamba. M'khwapa malaya anali atang'ambika kuyambira pamsoko mpaka m'nthiti.

"Taona zimenezi. Ukufuna udzaonekere choncho mawa pamaso pa anthu? Vula ndisoke."

Anangoti kukamwa yasa, osadzuka.

"Ukundiyang'ana chiyani? Ndati vula. Ndipo uthamange ukatenge ulusi wachikasu m'lole, mvulayi isananyowetse bokosi."